Makiyi a imelo yathu anali m'thumba la munthu wina

Bizinesi yathu ndi yosindikiza mabuku a malisiti, makalendala, mapepala a mayeso ndi timabuku ta mabungwe, ndipo ofesi yathu ili ku Ginnery Corner, kufupi ndi msewu wa Masauko Chipembere. Anaiyambitsa ndi bambo athu, koma masiku ano oiyendetsa tsiku ndi tsiku ndife awiri, ine ndi achemwali anga amene amasunga mabuku a ndalama. Tonse pamodzi ndi anyamata a pamakina tilipo anthu 7. Ntchito yochuluka imatipeza kudzera pa imelo: kasitomala amatumiza fayilo, ife timamuyankha ndi kotesheni, akavomereza timamutumizira chitsanzo kuti aone ngati zilembo ndi mitundu zili m'malo mwake tisanayatse makina. N'zoona kuti WhatsApp yalowerera paliponse, komabe sukulu kapena bungwe likafuna kupereka oda yeniyeni yokhala ndi saini ya mkulu wake limalemba imelo, pakuti imeloyo ndi imene imadzakhala umboni tsiku limene owerengera ndalama adzabwere kudzafunsa.

Chimene chinatidzutsa ndi oda ya sukulu ina ya ku Chiradzulu imene inatidutsa ife osadziwa. Aphunzitsi aakulu anatiimbira foni patatha sabata yathunthu, ndipo mwaulemu wawo anati ankaganiza kuti ntchito yatichulukira, choncho mapepala a mayesowo anakawasindikizitsa ku Limbe. Titafufuza tinapeza kuti kalata yawo inabwerera kwa iwo ndi uthenga wa Chingerezi wonena kuti bokosi lathu ladzaza, ndipo uthengawo unasochera pakati pa makalata awo ena. Bokosi la anthu osindikiza limadzaza msanga, chifukwa chithunzi chimodzi cha kalendala chimalemera kuposa makalata wamba mazanamazana. Panalinso dandaulo la achemwali, amene kwa miyezi ingapo ankanena kuti ma invoisi awo akumagwera ku spam kwa makasitomala ena, moti kalata iliyonse ankachita kuitsatira ndi foni.

Kampani imene inkatisungira imelo ndi yomweyo imene imasunga webusaiti yathu, pa seva imodzi, kompyuta yaikulu yosungira zinthu zotere, yogawana ndi mabizinesi ena ambiri. Sindikufuna kuinyoza, chifukwa kwa zaka zambiri inatitumikira pa mtengo wochepa, ndipo pa nthawi imene bambo ankayamba kugwiritsa ntchito imelo zimenezo zinali zokwanira. Vuto la seva yogawana n'lakuti mnzanu mmodzi akabedwa pasiwedi, akuba n'kuyamba kumwaza makalata achinyengo kudzera pa akaunti yake, mbiri ya seva yonse imaipa ndipo makalata anu abwinobwino amayamba kukayikiridwa limodzi ndi akewo. Nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Tinagwirizana pa banja kuti webusaiti itsale pomwepo koma imelo isamuke.

Ine ndinkayesa kuti ntchito yaikulu ikhala yosankha kampani yatsopano, koma chimene chinatidyera masabata awiri oyamba ndi dzina lathu lenilenilo. Adiresi ya imelo ili ndi mbali ziwiri: kumanzere kwa chizindikiro cha @ kumakhala dzina la munthu kapena la ofesi, ndipo kumanja kumakhala dzina la bizinesi pa intaneti, limene odziwa za makompyuta amati domain. Dzina limeneli siligulidwa kamodzi n'kukhala lanu mpaka kalekale. Limalipiridwa chaka ndi chaka ngati lendi, ndipo amene analilembetsa ndiye ali ndi mphamvu yonena kumene makalata azipita. Bambo nditawafotokozera anamva msanga, popeza akhala ndi bokosi ku positi ofesi kuyambira tili ana. Iwo anati, "Ndiye kuti nambala ya bokosi ndi yathu, ili pa chikwangwani ndi pa malisiti athu onse, koma kiyi ali ndi munthu wina?" Ndinawayankha kuti ndi momwemo.

Kiyiyo anali ndi mnyamata amene anatipangira webusaiti zaka zambiri zapitazo. Iye analembetsa dzina la bizinesi yathu pa akaunti yake ndi imelo yake, ndipo chaka chilichonse ankalipira ndi khadi lake, ife n'kumubwezera ndalama. Panalibe chinyengo chilichonse, ndipo umu ndi mmene anzathu ambiri a mabizinesi ang'onoang'ono amene ndimacheza nawo analowera pa intaneti. Komabe nditakhala pansi n'kulingalira ndinachita mantha. Akanadwala mwezi wolipira, kapena khadi lake likanakanika pa nthawi imene ndalama zakunja zikusowa, dzina lathu likanatha mphamvu ndipo makalata akanasiya kufika. Dzina lotere likakhalitsa osalipiridwa limabwerera pamsika ndipo aliyense akhoza kuligula. Wogulayo atha kutsegula adiresi yofanana ndendende ndi yathu n'kumalandira ma oda athu, ngakhalenso makalata osinthira pasiwedi ochokera kulikonse kumene tinalembetsa ndi adiresiyo. Chinthu chimene bambo anachimanga ndi thukuta lawo chinkadalira thanzi ndi kukumbukira kwa munthu mmodzi amene sanali ngakhale wantchito wathu, ndipo palibe aliyense wa ife amene anafunsapo.

Ndinamupeza pa foni, pano akukhala ku Lilongwe, ndipo sanavute ngakhale pang'ono. Dzina lathu limathera ndi .com, choncho kulisamutsa kumafuna kuti wolisunga alimasule kaye, kenako apereke nambala yachinsinsi yosamutsira, imene mumakailowetsa ku kampani yolembetsa mayina kumene mwatsegula akaunti yanu. Panatenga masiku 5 kuti dzinalo lifike m'manja mwathu, ndipo likangosamuka chotero limatsekedwa kwa masiku 60 osasamukanso, zomwe ndi bwino kuzidziwa musanasankhe kolipititsa. Akaunti yatsopanoyo tinailembetsa m'dzina la bizinesi, koma imelo yolowera tinaikapo ina yosakhala ya dzina lomwelo, pakuti tsiku limene dzinalo lidzakhale ndi vuto, kalata yokuthandizani kulikonza singakupezeni pa adiresi imene yafa. Kwa amene mayina awo amathera ndi .mw, kaundula wake amasungidwa ndi Malawi SDNP kuno ku Blantyre, ndipo funso loyamba ndi lomweli: m'kaundulamo mwalembedwa dzina la ndani?

Titagwira kiyi m'pamene tinayamba kuyang'ana kopita. Tinayerekeza Google Workspace, Microsoft 365 ndi Zoho Mail, ndipo onsewa amalipiritsa pa munthu aliyense, pamwezi kapena pachaka, pa mitengo yotsatira ndalama zakunja. Apa achemwali anaima nji. Iwo sanaiwale mmene mapepala ndi inki zinakwerera kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho anati, "Achimwene, musandiuze mtengo wa lero wokha, mundiuze kuti tidzalipira bwanji kwacha ikadzagwanso." Funso lawo linatithandiza kuona kuti ma adiresi athu ambiri sankafunika akaunti yolipira. Anthu amene amalemba makalata tsiku ndi tsiku ndi 4: bambo, achemwali, ine ndi mtsikana wokonza zithunzi. Ma adiresi ena, monga ya mafunso ndi ya ma oda, tinawasandutsa mayina owonjezera amene amangopereka makalata kwa anthu anayiwo popanda malipiro ena. Tinasankha Google chifukwa tonse tili ndi mafoni a Android ndipo Gmail tinaizolowera kale, komanso chifukwa pa mtengo wotsikitsitsa munthu aliyense amawerengeredwa malo a 30 GB. Microsoft inkapereka bokosi la 50 GB pa nthawiyo ndipo ndikuona kuti ingawayenere bwino amene tsiku lawo lonse limathera mu Outlook ndi Excel. Timalipira pachaka kudzera kwa wogulitsa wina wa mumzinda muno amene amalandira makwacha, ndipo tinamuuza poyambirira kuti akaunti yoyang'anira zonse ikhala m'manja mwathu, chifukwa sitinafune kubwereza zimene tinali titangozikonza kumene.

Bambo anafunsa funso limene ine ndinali ndisanaliganizire: makalatawo azikhala kuti? Yankho loona n'lakuti amakhala pa makompyuta a kampaniyo kunja kwa dziko lino, ndipo titafunsa tinapeza kuti ngakhale seva yakale ija inali yobwereka kunja. Zimenezi zinandikumbutsa kuti m'makalata mwathu muli zinthu za anthu ena: mayina a ana a sukulu pa mapepala a zotsatira za mayeso, zithunzi za ziphaso za antchito a makampani amene timawapangira makhadi, manambala a foni a anthu oitanidwa ku ukwati. Dziko lino lili ndi lamulo la 2024 loteteza zinsinsi za anthu, limene bungwe la MACRA linapatsidwa udindo wolilondoloza, komabe ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, kusunga chiphaso cha munthu zaka 6 ntchito yake itatha sikuonetsa ulemu. Tisanasamutse kalikonse tinakhala Loweruka lathunthu tikufufuta mafayilo otere.

Kenako tinatenga pepala n'kulemba malo onse amene adiresi yathu inalembetsedwa ndi makina onse amene amatumiza makalata m'dzina lathu. Panali banki, Msonkho Online ya MRA, tsamba lathu la Facebook, ogulitsa mapepala a ku Johannesburg, pulogalamu ya ma invoisi ya achemwali, fomu ya pa webusaiti imene makasitomala amafunsirapo mitengo, ndi zina zing'onozing'ono. Popeza adiresi sinkasintha, ambiri a malowa sanafune kukhudzidwa, ndipo umenewu ndiye ubwino waukulu wokhala ndi dzina lanulanu: mumasintha wosunga makalata popanda kusindikizanso malisiti kapena kupentanso chikwangwani. Pepalalo linatipulumutsa pa chinthu chimodzi. Achemwali anatulutsa buku lakale la malisiti pamene panali adiresi ina imene tonse tinali titaiwala, koma imene masukulu awiri akale akuilemberabe mpaka lero. Tikanapanda kuitsegula ku malo atsopano, makalata awo akanabwezedwa nthawi yomweyo ndi mawu akuti munthuyu kulibe.

Mbali imene inandigwira mtima kwambiri ndi kompyuta ya bambo. Pali njira ziwiri zakale zolandirira imelo. Ya IMAP imasiya makalata pa seva, foni ndi kompyuta n'kumangoonera zomwe zili kumeneko, pamene ya POP3 imatsitsira makalata pa kompyuta ndipo kawirikawiri imawafufuta pa seva. Outlook ya bambo, pulogalamu imene amawerengera imelo pa kompyuta, inakonzedwa pa POP3 kalekale, kutanthauza kuti makalata awo a zaka zoposa 10 sanali pa seva iliyonse padziko lapansi. Anali m'fayilo imodzi ya PST pa kompyuta yakale imene imakhala pafupi ndi zenera, m'chipinda chodzaza fumbi la mapepala. M'fayilo imeneyo munali mitengo imene anagwirizana ndi makasitomala akale, madandaulo ndi mmene anawathetsera, makalata a anthu amene anatisiya kale, ndiponso kalata yoyamba imene bungwe lina lalikulu linatipatsira ntchito imene inagulitsa makina athu achiwiri. Chida chosamutsira makalata kuchoka pa seva yakale sichikanaona ngakhale imodzi mwa makalatawa, ndipo tikanalengeza kuti zonse zasamuka chikhalirecho mbiri yonse ya bizinesi yatsala m'mbuyo. Ndisanakhudze china chilichonse ndinatseka Outlook, ndinakopera fayiloyo pa ma hard drive awiri akunja, imodzi ndinaika m'sefa ya ku ofesi, inayo ndinapita nayo kunyumba ku Chilomoni. Ndikulangiza aliyense amene ali ndi kompyuta yakale mu ofesi kuti ayang'ane zimenezi lero lomwe, kaya akusamutsa imelo kaya sakusamutsa.

Makalata a ife atatu, amene anali pa IMAP, anasamuka mosavuta, chifukwa chida cha Google chimawakoka kuchoka ku seva ina kupita ku inzake popanda kudya bandulo yanu. Fayilo ya bambo ndiyo inayenera kukwera kuchokera pa kompyuta yathu kudzera pa pulogalamu yosamutsira makalata a Outlook, ndipo inali yoposa 11 GB. Kukweza zinthu pa intaneti kumachedwa kuposa kutsitsa, choncho ndinkayambitsa ntchitoyo madzulo tikaweruka, kompyuta italumikizidwa ku inveta kuti magetsi akathima isadukize. Zinatenga masiku atatu ausiku. M'mawa uliwonse ndinkayerekeza chiwerengero cha makalata m'foda iliyonse kumbali ziwiri zonse, makamaka foda ya makalata otumizidwa, imene anthu ambiri amaiiwala chonsecho ndi mmene muli malonjezo anu kwa makasitomala. Tinapezanso kuti IMAP imanyamula makalata okha. Ma adiresi a anzathu, saini ya pansi pa kalata ndi malamulo osankhira makalata zinafunika kusamutsidwa pazokha, ndipo bambo anadabwa kuona kuti ma adiresi ambiri amene Outlook inkawamalizitsira akangolemba zilembo ziwiri anali asanasungidwepo m'buku la ma adiresi.

Kumene makalata amapita kumalamulidwa ndi mzere umodzi wotchedwa MX m'kaundula wa DNS wa dzina lanu, amene amasonyeza kumene webusaiti ndi imelo za dzinalo zimapezeka. Kaundula wathu ankayendetsedwa ku kampani yakale, choncho tinayamba tamukopera mzere ndi mzere ku akaunti yathu yatsopano popanda kusintha kanthu, n'kudikira sabata kuti tione ngati webusaiti ndi imelo zikuyendabe. Tinadziikira lamulo loti sitisintha zinthu ziwiri tsiku limodzi, kuti china chikalakwika tidziwe chimene chalakwitsa. Mzere uliwonse uli ndi nambala yotchedwa TTL, imene imauza makompyuta ena nthawi yoti asunge yankho lakale asanafunsenso. Yathu inali masekondi 14400, omwe ndi maola 4, ndipo kutatsala masiku awiri tinaitsitsa kufika pa 300, omwe ndi mphindi 5, kuti kusinthako kudzafalikire msanga komanso kuti tidzathe kubwerera mwachangu zikavuta. Tsiku nalo tinalisankha mosamala. Novembala ndi Disembala ndi nyengo ya makalendala, kumapeto kwa temu ndi nyengo ya mayeso, ndipo kumapeto kwa mwezi achemwali amakhala pa ma invoisi ndi misonkho. Tinasankha Lachisanu lina pakati pa mwezi m'nyengo yozizira, ntchito itachepa.

Madzulo amenewo kunja kunali chiperoni, ndipo anyamata ataweruka tinatsala awiri ndi achemwali. Ndinafufuta mzere wakale wa MX n'kulemba watsopano wolozera ku smtp.google.com, ntchito yosakwana mphindi imodzi itatha kukonzekeredwa mwezi wathunthu. Tinapempha mlamu wathu wa ku Zomba kuti atilembere kalata, ife tinadzilemberanso kuchokera pa ma adiresi athu a Yahoo ndi Gmail, ndipo pasanathe theka la ola makalata anayamba kugwa m'bokosi latsopano. Chimene chinandipatsa mtendere n'kudziwa mmene imelo inapangidwira: seva yotumiza ikapeza kuti yolandira sikuyankha, sitaya kalata nthawi yomweyo, imayesabe mobwerezabwereza kwa masiku 4 kapena 5. Kalata imene imabwezedwa pompopompo ndi yolembedwa ku adiresi imene kulibe, n'chifukwa chake ma adiresi onse ayenera kukhala atatsegulidwa kale MX isanasinthidwe. Lamulungu madzulo ndinayendetsanso chida chosamutsira chija kuti chitole makalata ochepa amene anafika ku bokosi lakale pa nthawi ya kusinthako.

Lolemba zonse zinkaoneka bwino, mpaka Lachinayi pamene ndinazindikira kuti fomu ya pa webusaiti yakhala chete masiku 6, chinthu chimene sichichitika. Nditatsegula bokosi lakale ndinapezamo mafunso a makasitomala atandandalikana osayankhidwa, pamodzi ndi makalata awiri ochokera ku kampani ina ya ku Makata imene timaisindikizira mabuku a ma oda. Chifukwa chake ndi ichi: seva yakale inkadziwerengerabe ngati mwini wa makalata athu, choncho kalata iliyonse yobadwira pa seva yomweyo sinkapita kukafunsa MX, inkangoponyedwa m'bokosi lakale lomwe lili pafupi. Fomu yathu imakhala pa seva imeneyo, ndipo kampani ya ku Makata ija nayo imasungitsa imelo yake komweko. Mu cPanel, tsamba loyendetsera akaunti yathu pa seva yakale, muli malo otchedwa Email Routing pamene pamayenera kusinthidwa kuchoka pa Local Mail Exchanger kupita pa Remote Mail Exchanger, ndipo nditangosintha, vutolo linatha. Ichi ndinachiphonya ndine, chifukwa mayeso anga onse ndinawachita kuchokera ku ma adiresi akunja kwa sevayo. Mumzinda ngati uno mmene mabizinesi ambiri amasungitsa kwa makampani ochepa omwewo, mwayi woti kasitomala wanu ali pa seva imodzi ndi inu ndi waukulu ndithu. Ndinaimbira foni aliyense amene analemba masiku amenewo kupepesa, ndipo ntchito imodzi inali itapita kale kwina.

Nkhani ya spam ija ya achemwali inathetsedwa ndi mizere ina itatu ya mu DNS. Mzere wa SPF ndi mndandanda wa ma seva amene mwawaloleza kutumiza makalata m'dzina lanu, ndipo uyenera kukhala umodzi wokha, chifukwa ikakhala iwiri yonse imasokonekera. Mu wathu tinalembamo Google ndi seva ya webusaiti, popeza fomu ija imatumizira kumeneko. DKIM ili ngati chidindo chobisika chimene seva yanu imadinda pa kalata iliyonse, kuti wolandira atsimikize kuti kalatayo yachokeradi kwa inu ndipo sinasinthidwe panjira. DMARC imauza olandira chochita ndi kalata imene yalephera mayeso amenewa, komanso imakutumizirani malipoti a amene akutumiza m'dzina lanu. Kuyambira mu Febuluwale 2024 Gmail ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo pa nkhani yotsimikizira otumiza makalata, ndipo Gmail imafuna kuti aliyense akhale ndi SPF kapena DKIM, pamene otumiza makalata oposa 5,000 patsiku ayenera kukhala ndi zonse zitatu. Ife tili kutali ndi chiwerengero chimenecho, komabe makasitomala athu ambiri ali pa Gmail, ndiye tinaika zonse. DMARC tinaiyamba pa p=none, imene imangoyang'anira osaletsa kanthu, ndipo malipoti ake ndi amene anatiululira kuti pulogalamu ya ma invoisi inkatumizabe kudzera pa seva yakale.

Makina athu ojambulira zikalata, amene amatumiza pepala lojambulidwa ku imelo, nawo anasiya kugwira ntchito chifukwa anali ndi pasiwedi yakale, ndipo pa pepala lija tinawaiwala. Makina otere sadziwa njira zatsopano zolowera, choncho tinawapangira pasiwedi yawoyawo ya makina n'kuwalozera ku doko la 587, khomo limene seva ya imelo imalandirira makalata oti itumize.

Kusintha kumene kunavuta kwambiri kunali kwa chizolowezi. Kale tonse tinkalowa mu adiresi imodzi ya mafunso ndi pasiwedi imodzi, imene inalembedwa kuseri kwa kalendala ya pakhoma, ndipo titawerenga tinapeza kuti anthu atatu amene anasiya ntchito kwathu ankaidziwabe. Tsopano aliyense ali ndi akaunti yake, ndipo kulowa pa foni kapena pa kompyuta yachilendo kumafuna chitsimikizo chachiwiri. Bambo sanasangalale nazo poyamba. Iwo anati, "Mwananga, foni ikabedwa m'minibasi ndiye kuti bizinesi yatsekedwa?" Nkhawa yawo inali yomveka, pakuti mafoni amabedwadi ndipo kubwezeretsa nambala kumatenga nthawi. Tinasindikiza manambala apadera olowera, amene Google imapereka 10 pa munthu aliyense ndipo iliyonse imagwira kamodzi, n'kuwatsekera m'ma envelopu m'sefa. Tinakonzanso kuti oyang'anira akaunti yonse akhale awiri, ine ndi achemwali, kuti wina akadwala kapena akakhala pa ulendo mnzake athe kuthandiza.

Makasitomala sitinawalembere kalata yolengeza kusamukaku, ndipo tinachita dala. Akuba a pa intaneti amakonda nthawi ya kusintha, chifukwa kalata yonena kuti tasintha zinthu imatsegula khomo la kalata yachiwiri yabodza yonena kuti tasinthanso akaunti ya kubanki. M'malo mwake achemwali anaimbira foni makasitomala akuluakulu amene amalipira kudzera kubanki, n'kuwauza kuti nambala ya akaunti yathu ndi yomwe ija ndipo akadzalandira kalata yonena zosiyana atiimbire pa nambala imene akuidziwa kale asanatumize ndalama. Mawu omwewo tinawaika pansi pa invoisi iliyonse.

Mabokosi akale tinawasunga miyezi iwiri, ndipo Lachisanu lililonse ndinkawatsegula kuona ngati muli kalata yosochera. Itatha milungu inayi yotsatizana musanagwe kanthu, ndinatenga kope lomaliza n'kuwatseka, koma fayilo ya bambo ija ikadali pa ma hard drive onse awiri. DMARC tinaikweza kufika pa p=quarantine, imene imauza olandira kuti kalata yolephera mayeso aiike ku spam, titaona kuti malipoti akuonetsa ma seva athu okha. Tsiku lolipira dzina lathu ndi tsiku lolipira imelo achemwali anawalemba m'buku lawo la ngongole, pa tsamba limodzi ndi lendi ndi inshuwalansi ya makina, ndipo dzinalo tinalilipiriratu zaka zitatu. Sukulu ya ku Chiradzulu ija inatumiza oda ya temu yotsatira, ndipo kalata yake inafika pa mafoni a anthu atatu nthawi imodzi. Amene anayamba kuiyankha ndi bambo, ali kunyumba.